Kodi Ophunzira za Cipatala Aphunzire Pamodzi?

Mau okambidwa pa msonkhano wa bungwe la aphunzitsi



Nkhani ya tsiku lino iri ya sukulu, koma si ya sukulu za ana ai. Iri ya masukulu ophunzitsa madotolo, anamwino, azamba ndi osunga mankhwala, kumene ana ena ocokera m'makalasi a pulaimale amapita akakula. Anthu amenewa adzaima pa bedi limodzi la wodwala masiku onse a nchito yao. Kodi tsono nkoyenera kuti aphunzire paokha-paokha, gulu liri lonse m'nyumba yace, ndi kudzakomana pa tsiku loyamba la nchito? Akatswiri akhala alikufufuza funso limeneli kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza siziri zosalala monga munthu angayembekezere.

Nkhani iyambire pa lamya. M'caka ca 1966 dotolo wina wa ku America, Charles Hofling, pamodzi ndi anzace, anasindikiza zimene anapeza atayesa anamwino 22. Anaika m'kabati ya wodi kabokosi kolembedwa dzina lakuti Astroten, dzina lopeka, ndipo m'kati mwace munali mibulu yopanda mphamvu iri yonse. Pa kabokosiko panalembedwa poyera kuti wodwala asapitirire mamiligalamu 10 pa tsiku. Tsono namwino ali pa nchito, lamya inalira. Munthu wosadziwika, wodzicha dotolo, analamula kuti wodwala wakuti-wakuti apatsidwe mamiligalamu 20 nthawi yomweyo, nati adzasaina pepala akafika. Malamulo a cipatala anali kukana zonsezi, pakuti lamulo la mankhwala silinayenere kuperekedwa pa lamya, dotoloyo sanali kudziwika, mankhwalawo sanali pa mndandanda wa ololedwa, ndipo mlingo wace unali wowirikiza. Koma mwa anamwino 22 aja, 21 anatenga mankhwalawo kuti akapereke kwa wodwala, kufikira woyang'anira mayesowo anawaletsa. Anamwino ena ndi ophunzira unamwino, amene sanayesedwe koma anangofunsidwa pa pepala cimene akadacita, pafupi-fupi onse anayankha kuti akadakana. Mfundo imeneyi isungidwe, pakuti idzafunikanso kutsogoloku.

Anamwino aja sanali mbuli, ndipo sanali oipa mtima. Anaphunzitsidwa bwino-bwino kuwerenga mlingo wa mankhwala. Cimene sanaphunzitsidwe ndico kuuza dotolo kuti iai. M'caka ca 1977 ofufuza ena awiri, Rank ndi Jacobson, anabwereza mayesowo atasintha zinthu zingapo: mankhwala anali Valium, amene anamwino awadziwa bwino, dzina la dotolo linali lodziwika, ndipo namwino anali ndi ufulu wofunsa anzace asanacite kanthu. Pamenepo 16 mwa 18 anakana. Munthu wodziwa cinthu, amene alinso ndi mnzace womufunsa, amalimba mtima.

M'caka ca 1967 dotolo winanso wa ku America, Leonard Stein, analongosola mkhalidwe umene anaucha masewera a dotolo ndi namwino. Lamulo la masewerawo ndi lakuti namwino apereke nzeru yace monga ngati sanaipereke, ndi kuti dotolo ailandire monga ngati sanaipemphe. Namwino amene wacezera usiku wonse ndi mwana wodwala malungo aona kuti mwanayo afunika magazi, koma sanena kuti, "Muikeni magazi." Anena kuti, "Zikope zace zayera ndithu usiku uno, ndipo magazi a mtundu wace alipo." Dotolo wocenjera amamva, nalamula magazi, ndipo ulemu wa onse awiri usungika. Dotolo wosacenjera, kapena wotopa, kapena wacilendo wosadziwa masewerawo, samva kanthu, ndipo wolipira ndi mwana uja. Anthu a kuno sangadabwe ndi kalankhulidwe kozungulira kotere, pakuti mpongozi salankhulidwa maso ndi maso. Koma ulemu umene ukoma pa mudzi ungathe kupha munthu m'cipinda ca opaleshoni.

Zimene zinacitika ku Bristol, m'dziko la England, zinaonetsa ukulu wa bvutoli. Boma linakhazikitsa bwalo lofufuza za maopaleshoni a mtima a ana pa cipatala ca Bristol Royal Infirmary, ndipo lipoti lace, lotsogoleredwa ndi Ian Kennedy, linaturuka m'caka ca 2001. Linapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 makanda 30 kufikira 35 anamwalira koposa amene akadamwalira cipatalaco cikadafanana ndi zinzace. Lipotilo silinanene za anthu ankhanza. Linanena za anthu akhama, koma ogwira nchito mosagwirizana, pamalo pamene mphamvu zinali m'manja mwa akulu owerengeka, ndipo wamng'ono woona colakwika analibe pokanenera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mwa zina zimene lipotilo linapempha panali cakuti anchito a zaumoyo a magulu osiyana aziphunzira pamodzi.

Ganizo limeneli silinali latsopano. M'caka ca 1987 ku Britain kunayambika bungwe lochedwa CAIPE, lolimbikitsa maphunziro otere, ndipo m'caka ca 1988 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linasindikiza lipoti lonena za kuphunzira pamodzi kuti anthu akagwire nchito pamodzi. M'caka ca 2010 bungwe lomwelo linaturutsanso malangizo ena aatali, ndipo caka comweco akatswiri otsogoleredwa ndi Julio Frenk ndi Lincoln Chen analemba m'magazini ya The Lancet kuti masukulu a zaumoyo akhala ngati mafuko, liri lonse m'linga lace. Tanthauzo limene a CAIPE anapereka ndilo limene ambiri atsata kufikira lero, ndipo liri ndi miyendo itatu ngati mafuwa: ophunzira a magulu awiri kapena oposerapo aphunzire limodzi, aphunzitsane, ndipo adziwe nchito ya anzao. Kucotsa fuwa limodzi, mphika ugwa.

Pano mpamene mphunzitsi wa ana angamvetse msanga kuposa dotolo. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti ana 60 okhala m'kalasi imodzi, onse atayang'ana pa bolodi, saphunzira pamodzi. Angophunzira pa nthawi imodzi. Masukulu ambiri a zaumoyo, pomva kuti kuphunzira pamodzi ndi kwabwino, anangosonkhanitsa ophunzira udotolo, unamwino ndi ena m'holo yaikuru, mphunzitsi mmodzi nalankhula kutsogolo za mafupa ndi mitsempha. Njira imeneyi iri yochipa, ndipo oyang'anira ndalama aikonda. Koma ophunzirawo amakhala m'magulu ao momwemo, a udotolo mbali iyi, a unamwino mbali iyo, monga amuna ndi akazi pa maliro.

Ndipo nthawi zina zinthu zimaipira-ipira. Ku London, sukulu ya St George's pamodzi ndi yunivesiti ya Kingston inakonza kuti ophunzira udotolo, unamwino, ojambula m'thupi ndi olimbitsa ziwalo za odwala aphunzire limodzi pa ciyambi ca maphunziro ao. Ofufuza anawafunsa polowa ndi pomaliza, nasindikiza zopeza zao m'caka ca 2003. Anapeza kuti acinyamatawo anafika ali kale ndi maganizo okhazikika pa za anzao, asanaone nkomwe wodwala mmodzi, ndipo pofika kumapeto maganizowo anali atakula m'malo mocepa. Ici ndi cinthu coyenera kucilingalira mofatsa. Mwana wa zaka 18 sanaphunzire ku koleji kuti dotolo ndi bwana ndipo namwino ndi wanchito wace. Anaziphunzira kwao, pa wailesi, m'mabuku a ana mmene dotolo ajambulidwa mwamuna ndi namwino mkazi, ndiponso ku sukulu ya pulaimale, kumene mwana wokhoza masamu amauzidwa kuti adzakhala dotolo, ndipo wofatsa wosakhoza kwenikweni amauzidwa kuti unamwino umuyenera.

Cifukwa ninji kukomana kungawonjezere kunyozana? Yankho limene ofufuza ambiri atsamirapo linacokera kwa Gordon Allport, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Harvard, amene m'caka ca 1954 analemba za tsankho la pakati pa mitundu. Iye anati kusonkhanitsa magulu odana sikuthetsa cidani pakokha. Pafunika kuti m'malo okomanawo magulu onse akhale pa mlingo umodzi, akhale ndi colinga cimodzi, nchito yace ikhale yoti sangaithe popanda kuthandizana, ndipo akulu a pamalopo aonetse poyera kuti akufuna zimenezo. M'caka ca 1995 John Carpenter anasindikiza za maphunziro aafupi amene anakonzedwa motsata mfundo zimenezi, a ophunzira udotolo ndi unamwino a ku Bristol oyandikira kumaliza. Magulu onse awiri anali kuona anamwino ngati anthu acifundo, ndi madotolo ngati anthu odzidalira, ena nkumati odzikuza. Koma atagwira nchito limodzi m'timagulu tating'ono, maganizo ena oipa anacepa. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga uli woona, koma sunena amene agwire mzati ndi amene akwere pamwamba. Ndipo ndeu zambiri za pa cipatala ziri za pamenepo.

Malo amene anayesa mozama kuposa onse ndi Linköping, mzinda wa m'dziko la Sweden. Kumeneko, kuyambira m'caka ca 1986, ophunzira onse a zaumoyo amayamba maphunziro ao ali m'timagulu tosakanizika, akukambirana za umoyo ndi za khalidwe loyenera wanchito wa cipatala. Ndipo m'caka ca 1996 anatsegula cinthu cimene sicinaonekepo kale: wodi yeniyeni, ya odwala enieni a mafupa, yoyendetsedwa ndi ophunzira. Kagulu kali konse kamakhala ndi ophunzira udotolo, unamwino, olimbitsa ziwalo ndi ophunzitsa odwala kubwerera ku nchito za tsiku ndi tsiku, onse oyandikira kumaliza, ndipo amakhala m'wodimo masabata awiri. Akulu owayang'anira alipo, koma amaima kumbuyo, manja ali m'thumba, kufikira patafunika. Ophunzirawo amapangana okha za wodwala ali yense, yense nacita mbali ya nchito yace. Koma nchito wamba, monga kusambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza ndi kuyala bedi, amagawana onse.

Nkosabvuta kuona nzeru iri m'menemo. Wophunzira udotolo amene watembenuzapo nkhalamba yothyoka ciuno adziwa kuti mau awiri amene adzalemba pa pepala, akuti wodwala ayende, atanthauza anthu awiri ndi theka la ola. Wophunzira unamwino amene wamva mnzace wa udotolo akulimbana ndi kusankha pakati pa mankhwala awiri adziwa kuti kucedwa kwa dotolo si ulesi nthawi zonse. Ndipo onse aphunzira kuchulana maina ndi kutsutsana akali ofanana, wina asanavale ulemu umene udzamutseka makutu. Njira imeneyi inafalikira ku Stockholm, ku Denmark, ku London ndi kwina.

Zopezeka m'mawodi amenewa ziri zosakanizika, ngakhale zabwino ziculuka. Odwala, pofunsidwa, kawiri-kawiri amati anasamalidwa bwino, pakuti ophunzira ali ndi nthawi yokhala pansi ndi kumvetsera. Ku Holstebro, m'dziko la Denmark, kafukufuku wosindikizidwa m'caka ca 2009 anapeza kuti kusamala odwala oikidwa mfundo yatsopano ya ciuno kapena ya bondo m'wodi ya ophunzira sikunadye ndalama zambiri kuposa m'wodi wamba. Ku Sweden komweko, madotolo atsopano a dziko lonse atafunsidwa za maphunziro ao, a ku Linköping anaposa anzao ponena kuti anakonzekeretsedwa kugwira nchito ndi magulu ena, ndipo pa za kuthandiza odwala mwakayakaya sanatsalire m'mbuyo. Ici cinayankha amene anali kuopa kuti nthawi yophunzira pamodzi idzaba nthawi ya udotolo weniweni. Koma madandaulo aliponso. Ophunzira udotolo ena amang'ung'udza kuti sanabwere kudzayala mabedi, ndipo ku London ofufuza Scott Reeves ndi Della Freeth anaona kuti akulu oyang'anira wodi yotere anatopa nayo kwambiri, pakuti kuyang'anira magulu anai pa nthawi imodzi, odwala ali pomwepo, si nchito yamasewera.

Tsono pafika funso limene liri mtima wa kufufuza konseku: munthu angadziwe bwanji kuti maphunziro otere athandiza? Ofufuza a ku Britain, Hugh Barr ndi anzace, anatenga makwerero amene Donald Kirkpatrick anapanga m'caka ca 1959 poyesa maphunziro a anchito, nawakonza kuti ayenerane ndi cipatala. Pansi peni-peni pali funso lakuti, kodi ophunzira anakondwera? Pamwamba pace, kodi maganizo ao anasintha, ndipo anadziwa zatsopano? Kukwera pang'ono, kodi macitidwe ao pa nchito anasintha? Ndipo pa nsonga, kodi cipatala cinasintha kayendetsedwe kace, ndipo wodwala anapindula? Makwerero a pansi ndi apafupi kukwera, ndipo kafukufuku woculuka waima pomwepo. Ophunzira akomana tsiku limodzi, adya bwino masana, nalemba pa pepala kuti anakondwera. Wofufuza nasindikiza kuti maphunziro ayenda bwino.

Pepala la mafunso lochuka kuposa onse ndi lija anakonza Parsell ndi Bligh m'caka ca 1999, lochedwa RIPLS, lokhala ndi ziganizo 19 zimene wophunzira abvomereza kapena kukana. Lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo lagwiritsidwa nchito m'maiko ambiri. Koma ziganizo zace ndi zoti munthu ali yense waulemu angazibvomereze asanaphunzire kanthu, pakuti ndani angalembe kuti kugwirizana nkoipa? Ophunzira amapeza malikisi okwera polowa, ndipo poturuka mpata wokwerera umakhala utacepa. M'caka ca 2015 akatswiri atatu, mmodzi wa iwo Scott Reeves, analemba m'magazini ya Journal of Interprofessional Care kucenjeza kuti pepalali liri ndi zilema, ndipo ofufuza asalidalire. Apa akumbukiridwe anamwino a Hofling aja: pa pepala pafupi-fupi onse anati akadakana, koma lamya italira 21 mwa 22 anamvera. Mphunzitsi amene anafunsapo ana ngati amasamba m'manja asanadye, onse nakweza manja, adziwa mtengo wa yankho lotere.

Pali bungwe lochedwa Cochrane, limene nchito yace ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense wa pa nkhani imodzi, kutaya wosalimba, ndi kuyeza wotsalayo. Pamene linasanthula koyamba nkhani ya kuphunzira pamodzi, likufuna okhawo amene anayeza macitidwe a anchito kapena phindu la odwala mwa njira yolimba, silinapeze ngakhale mmodzi. M'caka ca 2008 linapeza 6, ndipo m'caka ca 2013 ciwerengero cinafika pa 15. Mwa amenewa, 7 anaonetsa phindu, monga pa kasamalidwe ka odwala shuga, pa kucepa kwa zolakwa m'zipinda zolandirira odwala mwadzidzidzi, ndi pa kathandizidwe ka ocitiridwa nkhanza m'banja. 4 anapeza zosakanizika, ndipo 4 sanapeze kusintha kuli konse. Koma olembawo anachula cilema cimodzi cacikuru. Kafukufuku yense wa 15 uja anayerekeza anthu ophunzitsidwa pamodzi ndi anthu osaphunzitsidwa konse. Panalibe amene anayerekeza ophunzitsidwa pamodzi ndi ophunzitsidwa zomwezo gulu liri lonse palokha. Kuteroko kuli ngati mlimi wothira manyowa m'munda umodzi ndi kusiya wina wopanda kanthu, amene pokolola anena kuti manyowa aposa feteleza. Cinanso, oculuka mwa oyesedwawo anali anthu a pa nchito kale, osati ophunzira a m'koleji.

Munthu asafulumire kunena kuti tsono maphunzirowa ali acabe. Kuyeza kwace ndiko kobvuta. Mankhwala a malungo amayesedwa pa masabata owerengeka, ndipo wodwala acira kapena sacira. Koma wophunzira wa caka coyamba adzafika pa wodwala wace-wace patapita zaka zitatu, zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, atadutsa m'manja mwa aphunzitsi ambiri-mbiri, ndipo anzace a kagulu kaja adzakhala atabalalika. Wodwala akacira, ndani angaloze kuti cinamuciritsa ndi masabata awiri aja a m'wodi ya ophunzira? M'caka ca 2015 bungwe la Institute of Medicine la ku America linasanthula bvuto lomweli, nilipempha kuti masukulu ndi zipatala azifufuza mogwirizana, ndi kuti manambala azitsagana ndi kufunsa ndi kuonerera anthu pa nchito, kuti cidziwike osati cokhaco cakuti cinthu cathandiza, komanso mmene cathandizira.

Umboni wakuti kulankhulana kwa anchito kupulumutsa moyo ulipo, ngakhale ucokera kwa anthu a pa nchito. M'caka ca 2009 kunasindikizidwa zotsatira za mndandanda wa WHO wa zinthu 19 zoyenera kuzichula mokweza m'cipinda ca opaleshoni, nchito imene anatsogolera Atul Gawande. Unayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyana, cimodzi mwa izo ca St Francis ku Ifakara, m'dziko la Tanzania. Mwa zochulidwazo muli cimodzi cooneka cacibwana: mpeni usanakhudze khungu, ali yense m'cipindamo achule dzina lace ndi nchito yace. Colinga cace ndi cakuti munthu amene watsegulapo pakamwa kamodzi sabvutika kutsegulanso akaona colakwika. Imfa zinatsika kucokera pa 15 kufika pa 8 mwa odwala 1,000 ali onse, ndipo zobvuta za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kucokera pa 11 kufika pa 7 mwa 100. Koma pamene cigawo ca Ontario, ku Canada, cinalamula kuti zipatala zace zitsate mndandanda wotere, kafukufuku wa m'caka ca 2014 wa zipatala 101 sanapeze kutsika kooneka. Ambiri amasulira kuti pepala lolamulidwa kucokera kumwamba limangocongedwa, pamene m'zipatala 8 zija anthu anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Manambala paokha satsimikiza kumasulira kumeneku, koma woyang'anira masukulu amene anaonapo mabuku a makonzedwe a phunziro olembedwa usiku umodzi, iye atatsala pang'ono kufika, sangakutsutse.

Pafupi-fupi kafukufuku yense wachulidwayu acokera ku Ulaya ndi ku America, kumene dotolo apezeka m'wodi iri yonse. M'Zambia muno cithunzi ciri cina. Pa kacipatala ka kumudzi, ku Chadiza kapena ku Lundazi, kawiri-kawiri palibe dotolo. Pali clinical officer, namwino kapena mzamba, woona za ukhondo wa m'midzi, ndipo kuyambira m'caka ca 2012 pali athandizi a zaumoyo a m'midzi, amene gulu lao loyamba linaphunzira ku Ndola. Kunja kwa mpanda kuli amai ndi abambo odzipereka a magulu a ucembere wabwino, amene amaperekeza oyembekezera. Anthu amenewa anaphunzira malo osiyana: wina ku Chainama mu Lusaka, wina pa sukulu ya anamwino ya misyoni monga ya St Francis ku Katete, dotolo wa ku boma amene adzalandira wodwala wotumizidwa anaphunzira ku Ridgeway kapena ku Ndola. Mai akataya magazi atabereka usiku, moyo wace uli pa unyolo wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo mphete yofoka kawiri-kawiri iri pa lamya ija: mzamba wa kumudzi alongosola, dotolo wa ku boma amvera, ndipo funso ndi lakuti kodi amkhulupirira msanga. Masewera a Stein sanathe, angosintha osewera.

Citsanzo ca mu Africa muno cimene ciyenera kuchulidwa ndi ca yunivesiti ya Makerere, ku Uganda. Kuyambira m'caka ca 2003 ophunzira udotolo, unamwino, za mano, za mankhwala ndi zojambula m'thupi amatumizidwa m'timagulu tosakanizika kukakhala masabata angapo pa zipatala zazing'ono za m'maboma, kumene amayendera midzi, kufufuza mabvuto a umoyo a kumeneko, ndi kukonza cocita pamodzi ndi eni mudzi. Munthu akayang'ana ndi diso la Allport aona kuti mudzi uli ndi mwai umene holo ya ku koleji iribe. Pa citsime coipa cimene cidwalitsa ana, wophunzira udotolo sadziwa zambiri kuposa wa unamwino. Onse ali alendo, agona nyumba imodzi, aphika mphika umodzi, ndipo nyakwawa sawasiyanitsa. Kufanana kumene aphunzitsi a ku London anabvutika kukupanga, kumudzi kumadza kokha.

Ofufuza sanamvanebe pa za nthawi yabwino yoyambira. Ena ati ophunzira asakanizidwe caka coyamba, maganizo asanaume. Ena ati munthu ayambe wadziwa nchito yace, pakuti wosadziwa kanthu alibe cophunzitsa mnzace. Zopezeka ku St George's zionetsa kuti maganizo amafika ataumba kale, ndipo za ku Linköping zionetsa kuti kukomana kamodzi sikukwanira. Kumeneko amakomana poyamba, pakati ndi pomaliza. Ici cioneka canzeru koposa, ngakhale ndico codula.

Ndipo cimene cimagwetsa maphunziro ambiri otere si nzeru zakuya ai, koma ndandanda ya nthawi, mdani wakale wa mphunzitsi wamkuru ali yense. Ophunzira unamwino ali m'wodi pamene a udotolo ali m'kalasi. Gulu lina lilemba mayeso pamene lina liri pa cuti. Gulu lina liri ndi anthu 300 pamene lina liri ndi 30, kotero kuti kagulu ka anthu asanu ndi atatu kamapezeka ndi wa mankhwala mmodzi yekha, wongokhala cete. Mabungwe opereka ziphaso alinso osiyana; m'Zambia anamwino ndi azamba ali ndi khonsolo yao, madotolo ndi ma clinical officer ali ndi yao, ndipo iri yonse ili ndi maola ace amene ifuna akwanire. Phunziro losakhala pa mayeso ophunzira amalithawa, monga ana amathawira nchito ya m'munda wa sukulu mayeso a Giredi 7 akayandikira. Aphunzitsi a m'makolejiwo nawonso anaphunzira paokha-paokha, ndipo wophunzira amene wauzidwa Lolemba kuti magulu onse ali ofanana amalowa m'wodi Laciwiri, naona namwino wa zaka 20 pa nchito ataima kumbuyo ndi mafailo, osafunsidwa kanthu, pamene dotolo wa caka cimodzi alankhula. Cifukwa cace masukulu amene apirira pa nchitoyi amayamba ndi kuphunzitsa aphunzitsi ao eni, awiri-awiri, dotolo ndi namwino kutsogolera kagulu kamodzi, ndipo amaika phunzirolo pa mayeso, ndi malikisi ace.